Sikelo Yakana Kuchoka pa 94

Lolemba

Makilo 94. Ndatsika, ndavula malaya, ndakweranso. 94. Ndavula wotchi ndi magalasi. Tsopano nambala sindikuiona, koma ndikudziwa kuti ndi yomweyo.

Chaka chatha, anamwino a kuchipatala cha mishoni atandiopseza ndi bipi, ndinali pa 103. Amake Madalo nkhaniyo anaitenga ngati nkhondo yawo. Shuga kubisa, mafuta kuyeza ndi sipuni, ine kundipitikitsa m'mawa uliwonse kuti ndikayende mpaka kudoko. Makilo ankachoka mwaulemu, limodzilimodzi, ngati alendo odziwa nthawi yotsanzika. Mu Seputembala tinawaika amake Madalo kuseri kwa tchalitchi. Chichokereni kumanda, sikelo nayo ili pa maliro. Siisuntha.

Madalo waimba kuchokera ku Blantyre. "Adadi, ndikubwera Loweruka. Ndikapeza sikelo ili pomwepo, mulongedze. Bipi isakupheni muli nokha ku Nkope, ine kuno chipinda chili chopanda munthu."

Chipindacho ndimachidziwa. Zenera lake limayang'ana khoma la mpanda. Mabuku anga sangakwanemo. Nanga maluwa a pamanda azithirira ndani?

Anamwino anati munthu wa thupi langa azidya makalori pafupifupi 2,000 patsiku, azionda pang'onopang'ono. Pang'onopang'onoyo ndilibe nthawi yake. Masamu ndaphunzitsa moyo wanga wonse: ukadula chakudya pakati, liwiro liwirikiza. 1,000 basi!

Dongosolo:
– tiyi wopanda shuga
– mpunga theka la mbale
– mandasi osawapatsa ngakhale moni
– chilichonse cholowa m'kamwa kuchilemba m'kapulogalamu kamene Madalo anandiikira m'foni

Madzulo mpunga ndi usipa. Makapu awiri a mpunga monga mwa nthawi zonse, mbale ziwiri. Yanga ndadya theka, ndalemba. Foni yandipatsa kanyenyezi! Theka lotsalalo ndawaonjezera amake Madalo m'mbale yawo ya maluwa, poti mpunga ankaukonda. Ndavundikira. Yakhala patebulo mpaka kuzizira. Kenako ndaidya choimirira kukhitchini, chifukwa chakudya sitimataya m'nyumba muno.

Imeneyo sindilemba. Si yanga.

Lachiwiri

94.

Ndayenda nayo sikelo nyumba yonse. Pabalaza 94. Kuchipinda 94. Pakhonde, pomwe simenti inatsetsereka, 92! Ndaima pamenepo nthawi ndithu, mtima uli mbee, mpaka neba wanga Che Saidi akudutsa pa njinga. "Amwalimu, kwagwanji? Mwaima ngati kakowa wodikira nsomba."

Ndikuwerenga za kalori. Kani ndi muyeso wa kutentha, kotha kufunditsa madzi. Ngati zili choncho, Nkope yense mwezi uno ndi kalori imodzi yaikulu. Ndakhala pamthunzi thukuta lili kamukamu. Bwanji osangosungunuka?

Chakumasana, odi pabwalo. Amayi a mpingo atatu, mabeseni pamutu, Mayi Kalino patsogolo.

"Aphunzitsi, thalauzalo likulendewera. Anthu ayamba kulankhula kumjigo. Mwamuna akangotaya mkazi n'kuyamba kuonda, mukudziwa nokha matenda amene amamutchulira."

Ndafotokoza za bipi. Ndafotokoza za makalori. Andimvetsera mwaulemu ngati mlaliki wachilendo amene sadzabweranso. Kenako avundukula:
– futali wa chinangwa
– nkhwani wotendera
– chambo chokazinga, chathunthu, chikundiyang'ana
– zitumbuwa, "zodyera tiyi mawa"

Ayala zitenje pansi, akhala, akudikira kuona khosi likumeza. Chakudya cha chipepeso munthu ungachikane bwanji, eni ake ali pomwepo, ndiponso ndi omwe anasambitsa mkazi wako? Ndadya. Mayi Kalino akuti, "Mutuwo musasiye, ndi wa bambo wa pakhomo."

M'foni mulibe futali. Ndalemba "saladi wa chinangwa".

Mwana wanga akufuna ndionde. Mpingo ukufuna ndinenepe. Sikelo yokha ndiyo sikukondera mbali.

Madzulo ndangodya masipuni ochepa. Mbale ya amake Madalo inali yodzaza ndithu lero.

Lachitatu

94 ndi theka. Theka! Lachokera kuti? Mutu wa chambo uja.

Lero kulipira. Kadzutsa palibe. Ndiyenda mpaka kumsewu waukulu ndi kubwerako, dzuwa lindithandize.

Kupita kwayenda bwino. Ndikulonjera anthu ngati munthu wathanzi. Pobwerera, ndili pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa, mchenga wayamba kupendekeka. Mathandala akhala ambiri kuposa mmene analili. Ndakhala pansi mwadala, ndisanakhazikidwe.

Wanditola ndi Che Saidi. Munthu ameneyu ankakonza injini za maboti ku Monkey Bay, mkazi anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Namwera. Amakhalira tiyi ndi buledi. Woonda ngati nkhafi. Wandikweza pakaliyala, iye n'kumakankha. Njinga ikulira ngati mbuzi yopita kumsika. Ogulitsa nsomba onse aona.

Kutiyirumu wandiitanitsira tiyi wa mkaka, shuga wothira mopanda mantha, ndi mandasi awiri. Moni uja ndawapatsa.

"Ife pa Ramadhani timasala," akutero, "koma timadya kusanache, dzuwa likalowa timamasula. Ndipo timadziwa amene tikumusalira. Inu mukusalira ndani, foni?"

Ndati ndikusalira sikelo.

"Wallahi, Akhristu mwafika patali."

Pobwerera tadutsa kumanda. Waima patali, chipewa chake chili pamutu, kundidikira ndithirire maluwa. Ndimamukonda pa chimenechi.

Kanyenyezi lero kulibe. Foni ikuti ndisataye mtima.

Lachinayi

94.

Kwatsala masiku awiri. Zazing'onozing'ono zalephera. Lero madzi okha!

Ndatsitsa pashelefu buku lakale lonena za amonke a m'chipululu. Ankakhala masiku ambiri ndi kachidutswa ka mkate wouma. Ndalimba mtima. Koma ndikuona kuti m'chipululumo munalibe mtengo wa mango.

Wathuwu anadzala amake Madalo chaka chimene tinalowa m'nyumba muno. Chaka chino wabereka ngati sunamve za maliro. Ndakhala pakhonde ndi buku. Phu! Bango lagwa. Sindikuyang'ana. Phu! Lina. Lachitatu lagubuduzika mpaka kuphazi langa, laima, lili psuu.

Zimene ndikumva:
– fungo la anyezi kwa aneba
– fungo la anyezi kwa aneba ena, akutali
– mimba yanga, ikuyankhana ndi nkhunda za padenga
– wogulitsa samusa amene sanadutsepo njira ino chibadwire, lero wadutsa kawiri

Ndalowa m'nyumba kuthawa mango. Kuti manja apeze chochita ndati ndisoke batani la malaya a Lamulungu. Ndatsegula chitini cha mabatani cha amake Madalo pamwamba pa kabati. Mulibe mabatani. Muli shuga.

Ndi muno kani. Chaka chathunthu ndinafufuza nyumba yonse, m'mapoto, m'masutikesi, ngakhale m'bokosi la mabuku a nyimbo. Iwo ali phee pampando, akuseka ndi mapewa okha. "Mukufuna chiyani, bambo?" "Magalasi." "Ali pamphuno."

Ndakhala pansi nacho chitinicho. Sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Ndanyambita chala kamodzi, ndatseka, ndabwezera pomwe chinali.

Kenako ndatuluka, ndapita pansi pa mtengo. Sindinawerenge. Nthanga zake nkhuku zikuzizungulira modabwa. M'foni ndalemba "chipatso".

Madzulo ndinati sindiphika. Koma iwo agona ndi njala chifukwa cha kusala kwanga? Makapu awiri.

Lachisanu

94. Ndayamba kuilemekeza nambala imeneyi. Ili ndi khalidwe.

Mutu ukuwawa, miyendo yalobodoka, m'mimba mango akuchita msonkhano. Dongosolo la Lolemba ndalimata pachitseko, ndikulidutsa ngati munthu amene ndinayambana naye.

Masana mpunga ndi utaka wa tomato. Ndangokhala patebulo, odi. Che Saidi, m'mkanjo woyera, akuchokera kumzikiti. Akuti wadzaona ngati ndikadali moyo.

Maso ake agwera pa mbale yovundikira. "Muli ndi mlendo?"

Ndinene kuti chiyani? Kuti ndi ya munthu amene iye yemwe anathandiza kukumba manda ake? Ndangomva mawu anga akuti, "Ndi yanu."

Wasamba m'manja. Bismillah. Wakhala pampando wawo. Wavundukula mbale ya maluwa, ine ndikumva ngati ndikuona munthu akuponda pa bedi ndi nsapato. Wadya mwakachetechete, mwachangu, ngati munthu amene chakudya chotentha anachiona kale mwezi watha. Minga waiika bwinobwino m'mphepete.

"Mchere wachepa, amwalimu."

Ndi mawu omwewo a amake Madalo. Tsiku lililonse, zaka zonsezi, kufikira bipi itabwera n'kuyamba iwo kuuchepetsa okha.

Wapita. Mbale ili mbee, ndipo si ine. Ndazungulira kukhitchini osadziwa choimirira. Ndakwiya pang'ono, sindikudziwa ndakwiyira ndani.

Chodabwitsa: madzulo ano thupi lapepuka. Mwina ndi mango aja atuluka.

Mawa Madalo.

Loweruka

Watsika minibasi ndi chikwama chachikulu. Chopanda kanthu. Ndamva kupepuka kwake pochilandira.

Sikelo ndinaiika kale pakhonde. Waiyang'ana, wandiyang'ana. "Adadi, pakhonde pano ndinakulirapo. Mpira unkagubuduzika wokha." Wainyamula, pabalaza.

94.

Watenga foni yanga. Akuwerenga, nkhope ikusintha. "Lolemba 900. Lachinayi chipatso. Adadi, munthu wodya chonchi osaonda ndiye kuti m'thupi muli vuto lina. Mwina ndi madzi, mwina ndi impso. Lolemba tikaonane ndi dokotala ku Blantyre." Wayamba kale kupinda malaya anga.

Nyenyezi zanga zija zandipereka.

Ndathawira kukhitchini. Mwana wabwera, adye. Chambo cha msuzi, mpunga, bonongwe. Ndayala patebulo, ndamuitana.

Waima pakhomo. Akuwerenga mbale ndi maso. Yake. Yanga. Ya maluwa, yovundikira.

"Tikudikira ndani?"

Palibe.

"Mumachita chonchi tsiku lililonse?"

Masana ndi madzulo.

"Ndiye amadya ndani?"

Ndati chakudya sitimataya m'nyumba muno.

Wakhala pansi pang'onopang'ono. Watenganso foni. "Ndipo simulemba."

Ndati si yanga.

Wayamba kuseka. Waseka mpaka kugwira tebulo, "Mayo ine, impso! Ine kuda nkhawa ndi impso!" Kenako kusekako kwatembenuka, wabisa nkhope m'chitenje. Ine ndikuyang'ana bonongwe. Aphunzitsi a masamu, miyezi iwiri yathunthu, kulephera kuphatikiza mbale imodzi ndi mbale imodzi.

Mbale ya maluwa tagawana awiri. Titakhala pansi. Akuti mchere wachepa.

Lamulungu

94. Ndinayembekezera chiyani?

Ku Misa Mayi Kalino andiyang'ana thalauza, agwedeza mutu mokhutira. Titatuluka, ine ndi Madalo kumanda. Wathirira ndi iye. Wawauza amake zonse, mokweza, ngati akundinenera kwa ahedi.

Chigamulo chaperekedwa pansi pa mango. Ndikhala ku Nkope mpaka Khirisimasi, kenako sikelo idzalankhulanso. Malamulo ake:
– 2,000 ya anamwino ija, osati masamu anga
– kudya katatu, nditakhala pansi
– kuyenda m'mawa, osati dzuwa lili paliwombo
– za amayi a mpingo kulandira ndi manja awiri, kudya mbali imodzi, zina kugawa
– kuphika kapu imodzi

Anayi oyambawo ndavomera. Lamulo lachisanulo ndayesa masana, iye akuona. Kapu imodzi m'poto muja ikuoneka ngati mwana wotayika m'tchalitchi. Dzanja labwerera lokha m'thumba la mpunga. Madalo sanandiletse. Wangotuluka, wakaima pampanda. "Che Saidi! Mwadya?"

Wabwera ndi sipuni yake m'thumba, ngati ankadziwa. Akuti azibwera masana ndi madzulo, bola ndisamuphikire nkhumba ndiponso ndiphunzire mchere. Atatha kudya wakwera pa sikelo mwa chidwi chabe. 52.

"Basi amwalimu, inu muzitsika, ine ndizikwera. Tikakumana pakati, inshallah."

Madalo wakwera minibasi ya masana. Chikwama chachikulu wachisiya kuseri kwa chitseko, chopanda kanthu, kuti ndizichiona.

Edina mkazi wanga, mbale yako akudyera Che Saidi. Amaika minga m'mphepete ngati iwe. Shuga ndamupeza, koma ali pomwe unamusiya.

Lero ndalemba zonse m'foni, ndi bango lomwe. 2,000 ndi pang'ono. Kanyenyezi sikanabwere.