Masidi Atatu ndi Wotchi Yakufa

Ndinataya masabata atatu ndikulimbana ndi pulogalamu ya kompyuta, pomwe chovuta chinali wotchi ya mkati mwa kompyutayo.

Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina kuno ku Likoma. Ndinabwera mu 2006 kuchokera ku Zomba. Pamsonkhano wa aphunzitsi ndinalonjeza (popanda wondifunsa) kuti teremu ino malipoti a ophunzira atulukira pa kompyuta.

Pulogalamu yake ndinali nayo pa sidi, koma inali yoti uimange wekha. Nditalemba lamulo loimangira, mizere ya Chingerezi inathamanga pa sikirini, kenako inaima. Inkafuna kachigawo kena kamene kanalibemo. Ndinaimbira mnzanga wa ku Mzuzu, anakaika pa sidi, ndipo inabwera pa sitima. Sitimayo imafika kuno kamodzi pa sabata.

Kachigawoko nakonso kanakana kumangika. Uthenga wake sindinauwerenge mpaka pansi. Ndinangoti nakonso kakufuna kanzake, n'kuitanitsa tina tiwiri. Sabata yotsatira ndinaitanitsa tisanu, kuti pasapezekenso chosowa. Onyamula katundu kudoko anayamba kundifunsa kuti mafilimu ndikuonetsera kuti.

Lachitatu la sabata yotsekera, Mayi Chikoti a ku Khuyu, amene amataipa makalata a sukulu, anaima kumbuyo kwanga kudikira mpando wawo. Anavala magalasi n'kuwerenga mokweza mzere womaliza. Unkati mafayilo amene kompyuta yangopanga kumene akuoneka akale kuposa a pa sidi, choncho tione wotchi.

"Aphunzitsi, kodi tsiku mwalikonza?"

Ndinafunsa kuti tsiku lanji. Anati kabatire ka wotchiyo kanatha kalekale. Magetsi a pachilumba akazima masana, monga amachitira tsiku lililonse, kompyuta imabwerera ku 1 Januwale 2000. Iwo amakonza tsikulo m'mawa asanataipe kalata, ndipo akhala akutero kwa zaka ziwiri. Ine ndinkakhala pa kompyutayo magetsi akangobwera madzulo, iwo asanabwereko ku nkhomaliro.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Munkaoneka ngati mukudziwa," anatero. "Komanso munkatseka chitseko."

(Ndinkatsekadi. Ndinkati phokoso limandisokoneza.)

Kukonza tsikulo kunawatengera mphindi imodzi. Pulogalamu inamangika m'mphindi makumi awiri, ndipo pa masidi atatu a ku Mzuzu aja inangofuna yoyamba yokha. Koma sukulu inkatseka Lachisanu, ndipo malikisi a sukulu yonse sakanalowa pa tsiku limodzi ndi theka. Malipoti tinalemba pamanja. Aphunzitsi anzanga, amene ndinawauza kuti asavutike, anagwirizana kuti ine ndilembe a makalasi awiri. Palibe ananditukwana. Ankangondifunsa tsiku, mmodzimmodzi, aliyense akamadutsa.

Ahedi alengeza kuti teremu ya mawa ikamayamba padzakhala maphunziro a kompyuta a aphunzitsi onse. Adzaphunzitsa ndi Mayi Chikoti. Mndandanda wa ophunzira aukhoma kale pachitseko cha ofesi, ndipo dzina langa lili loyamba.