Nkhondo ya Musi wa Pokuaa

M'zaka zija pamene amuna a mumzinda wa Kumasi anasiya kufunsa amalume awo za umuna n'kuyamba kufunsa foni, pamene aliyense wa ndevu zowerengeka anadzilonga yekha ufumu, kunadzuka kudera la Bantama ngwazi Amankwaa, Chifuwa cha Ng'ombe, Wodzuka Tambala Asanaganize, Iye Wosaponda M'khitchini, amene masana ankagulitsa makava a mafoni pamsika. Mphunzitsi wake anali mnyamata wina wa m'foni, wosakwatira, wodzola mafuta pamimba, amene ankalamula kuti mwamuna weniweni azinyamula zitsulo ndipo mphika aziuonera patali.

Zitsulo Amankwaa analibe. Koma kuseri kwa chitseko kunali musi wa mkazi wake Pokuaa, umene mayi ake anamupatsa polowa m'banja, ndipo ngwazi inaulanda popanda kukhetsa magazi, n'kumatirira chitini cha simenti uku, china uko, n'kumaunyamula pakhonde ikudzijambula.

Tsono linafika Lamulungu loopsa lija. Apongozi, Maame Dufie, anali atatsika basi kuchokera kwawo ku Ejisu, msuzi wa mbuzi utapsa, chinangwa ndi nthochi zikufuka nthunzi, ndipo ndani sadziwa kuti zikangozizira fufu wake, nsima yochita kusinja mumtondo ija, amakhala mibulu yokhayokha?

"Bambo a Nhyira," anatero Pokuaa, "musi wanga uli kuti?"

"Mkazi!" inayankha ngwazi itatukumula chifuwa. "Umene ukuutcha musi unakwezedwa pa udindo. Lero ndi chida chosulira mwamuna amene adzateteze banja lino!"

"Kuliteteza kwa ndani? Wakuba atabwera munabisala kumbuyo kwanga. Mumve bwino: mayi akapanda kudya fufu m'nyumba muno lero, ndikwera nawo basi, ine ndi mwana. Muzigona ndi simenti yanuyo."

Amankwaa anadziwa kuti si nthabwala, pakuti mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo khomo la ku Ejisu silinatsekedwepo. Maame Dufie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga ayang'anira nsomba ya dzulo.

"Mkamwini, minofu yonseyi n'njojambulitsa basi? Sinjani tione."

Pamenepo ngwazi inaitanitsa hamala, inaphwanya chitini cha kunsi, koma cha kumwamba inachisiya kuti ulemu usathe wonse. "Sindikusinja ayi," inalengeza kwa nkhuku ndi kwa oyandikana nawo amene anali atadzaza kale pampanda, "ndikulimbitsa mapewa!"

Pokuaa anakhala pakampando, ananyowetsa dzanja, n'kulilowetsa mumtondo, pakuti fufu ndi ntchito ya awiri: wina agwetsa musi, wina atembenuza, ndipo zala zimalowa pamene musi wangochoka. Kugunda koyamba kunanjenjemeretsa malata. Ngwazi inabangula, thukuta lili kamukamu, anthu a pampanda n'kuwomba m'manja. Koma simenti sidziwa matamando. Posakhalitsa mikono ija, imene inazolowera kupuma foni ikangomaliza kujambula, inayamba kunthunthumira, musi unayamba kugwa pa nthawi yakeyake, ndipo kamodzi unatsika mwamphamvu n'kukhudza nsonga ya chala cha Pokuaa.

 Pokuaa anayang'ana chala chake, anachiviika m'madzi, n'kubwezera dzanja lonse mumtondo.

"Dzanja ndaika," anatero osakweza mawu. "Ndi lomwe limakuphikirani, ndi lomwe limasambitsa mwana wanu. Gwetsani, mfumu."

Amankwaa anaima musi uli m'mwamba, simenti ikumukokera pansi, ndipo anachita mantha enieni, mantha ndi manyazi pamodzi, pakuti anaona kuti mikono yake sangaikhulupirire ndipo mkaziyu dzanja salichotsa. Za ichi mnyamata wa m'foni sanaphunzitsepo. Anapendeketsa musi pang'onopang'ono, anaugoneka pansi, anatola hamala, n'kuphwanya chitini chachiwiri popanda kulankhula kwa nkhuku kapena kwa munthu. Atayambiranso, maso ake anali pa zala za mkazi wake.

"Ndigwetse?"

"Gwetsani."

"Ndigwetsenso?"

"Aa, mwamuna inu, tifika mawa. Gwetsani!"

Motero nkhondo inatha, ndipo pangano la mtendere linakondwereredwa pakhonde pakati pa zibenthu za simenti. Maame Dufie anabudula fufu, anamuviika mumsuzi, anameza, dziko lonse likudikira. "Ndinadyapo woipa kuposa uyu," anagamula, "pamaliro." Pokuaa analengeza kuti basi ya ku Ejisu inyamula munthu mmodzi, anthu a pampanda analuluta, ndipo wina anayamba nyimbo ya kutchalitchi.

Koma Chifuwa cha Ng'ombe anangokhala pamaso pa mbale yake, mikono ili lende, ikukana ngakhale kufika pakamwa. Pokuaa anamuyang'ana kwa kanthawi, anausa moyo, anabudula fufu ndi dzanja lotupa chala lija, n'kumulozetsa.

"Taonani nonse!" inafuula ngwazi ndi mawu otsala. "Mafumu okha ndiwo amadyetsedwa!"

"Ndi makanda," anatero Pokuaa. "Yasamani."