Mvula yamabingu imene ndinaipangira m'chimbudzi

Ndiyambe ndi kuvomera kuti tisavutane: mvula yamabingu ija imene inagonetsa asodzi a ku Mtakataka kumtunda Loweruka lija, ndinaipanga ndine. Sinachokere kunyanja kapena kumapiri a Dedza. Inachokera m'chimbudzi cha kwathu, ndipo ngakhale dontho limodzi silinagwe.

Zonse zinayamba ndi njerwa. Bambo anga ndi mphunzitsi wa kupulayimale kufupi ndi Mua, ndipo chaka chino anaganiza zomanga nyumba ya njerwa zowotcha. Waganyu sanafune kumumva n'komwe. Ankati, "Ndilembe waganyu ine, pamene ndili ndi mwana wa Fomu 3 wodya ngati aganyu atatu?" Ndiye Loweruka lililonse la mwezi wa Okutobala ine ndinali pakati pa mjigo ndi dzenje la dothi: kutunga madzi, kuponda matope, kunyamula chikombole, kukhuthula, kubwerera. (Inu okhala ku Dedza boma kozizira kuja, musayerekeze kunena kuti mukundimvetsa. Dzuwa la kuno kunsi limawotcha mpaka maganizo.)

Tsono Loweruka linalake kunali mpira waukulu woonetsedwa pa kanema ku Golomoti, ndipo anzanga onse ankapita. Ndinapempha mwaulemu, manja kumbuyo.

"Bambo, mawa ndimati ndiumbe mmawa wokhawokha, masana ndikaonere mpira."

"Mpirawo udzakufolerera nyumba?"

Nkhani inathera pomwepo.

Koma bambo anga ali ndi pofooka pawo. Amakhulupirira a zanyengo kuposa mmene amakhulupirira lipoti langa la kusukulu. Pa foni pawo pali gulu la anthu a m'dera lathu limene mumabwera mauthenga a maliro, a feteleza ndi a nyengo, ndipo uthenga wa nyengo ukafika amaumvetsera kawiri, mutu uli gwedegwede. Ine ndinawerengera chonchi: munthu wanzeru saumba njerwa mvula ikubwera. Bambo anga ndi munthu wanzeru. Chimene chinkasowa ndi mvula basi.

Lachisanu madzulo ndinaitana mnzanga Mavuto. Tinayesa kujambula mawu kuseri kwa khola, koma mbuzi zinkalowerera. Tinayesa m'chipinda, achemwali anga a Tadala anali pafupi. Malo okhawo amene mawu ankamveka onenepa ngati a pa wailesi anali m'chimbudzi. Ndinalowa, n'kugwira mphuno kuti mawu atuluke a munthu wa mu ofesi (panalinso chifukwa china chogwirira mphunoyo), ndipo Mavuto anaima panja ndi lata lakale kuti aziligwedeza ngati bingu. Atagunditsa bingu lake, ine ndinayamba:

"Uwu ndi uthenga wapadera wochokera kwa a zanyengo. Mawa Loweruka kuyambira masana, m'madera a m'mphepete mwa nyanja monga Mua, Golomoti ndi Mtakataka mugwa mvula yamphamvu yamabingu ndi ziphaliwali. Pewani kubisala pansi pa mitengo. Asodzi ndi onse oyenda panyanja musalowe m'madzi, chifukwa kukhala mphepo yamkuntho ndi mafunde aakulu. Oyendetsa ndege nawonso asamale, mitambo ikhala yotsika kwambiri."

Za ndegezo ndinangowonjezera kuti zikome. Kwathu kuno ndege timaiona kamodzikamodzi, ili m'mwamba ngati udzudzu. Ndili pa mawu amenewo kamphepo kanakankha chitseko, koma sindinalabadire. Mavuto anatumiza voisiyo, mawu tinajambula aja, pagulu lija kudzera pa nambala ya msuweni wake, ine n'kukagona ndi mtendere wa munthu amene wagwira ntchito yabwino.

Mmawa ndinapeza bambo atakhala pakhonde, foni ili pakhutu.

"Mayi a Tadala, tabwerani mudzamve," anaitana amayi. "Mpaka a ndege awachenjeza. Iyi si mvula yamasewera." Kenako anatembenukira kwa ine. "Lero sitiumba."

Ndinayankha kuti "chabwino bambo" ndi nkhope ya munthu wokhumudwa, mumtima muli gule. Ndinalowa m'nyumba, n'kuvala jezi yanga, n'kupesa. Ndikutuluka, bambo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ulendo wa kuti?"

"Poti sitiumba, ndimati..."

"Nanga zidina zonsezi ukusiyira ndani?"

Abale, apa ndi pamene ndinazindikira kuti masamu anga anali ndi bowo. Zidina, njerwa zosawotcha zimene ndinaumba mwezi wonse, zinali mbwee pabwalo ponse kuuma padzuwa. Mvula itazipeza pamenepo, zikanabwerera kukhala matope. Ine ndinaganiza za njerwa za mawa, n'kuiwala za dzulo.

"Zonse zisanjidwe pansi pa chisakasa, zifunditsidwe udzu ndi mapulasitiki masana asanakwane. Vula jeziyo."

Kuumba kuli bwino, chifukwa umapuma podikira madzi. Kusanja zidina kulibe popumira. Unyamule ziwiri, uyende, uwerame, usanje, ubwerere, ndipo ukaswa imodzi bambo akuwerengera ngati waswa mbale ya alendo. Kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo kongonamizira. Ndinayesa kudzipulumutsa.

"Bambo, koma kumwambaku sikukuoneka za mvula."

"Iwe ukudziwa kuposa anthu a makina?"

"Nthawi zina amalakwitsa."

"Amene amalakwitsa ndi iwe, masamu. Nyamula."

Ndikanatani? Kuulula kunali kudziponya pamoto. Ndinapitiriza kuteteza njerwa ku mvula imene ndinkadziwa bwino kwambiri, kuposa munthu aliyense m'Malawi muno, kuti kulibe.

Pamene ndinkawerama ndi kuweramuka, voisi yanga inali paulendo. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anaanula ufa umene anayanika pamphasa usanaume. Amayi anga anandandalika mabeseni ndi ndowa pansi pa malata kuti atchere madzi. Voisiyo inabwera pa foni ya amayi kuchokera kugulu la kwaya, inabweranso pa foni ya a Tadala kuchokera kwa mnzawo wa ku Salima, ndi mawu akuti tumizirani ena mupulumutse miyoyo. Sindibisa, pamenepo ndinanyada pang'ono. Cha m'ma 2 koloko Mavuto anadutsa pa njinga, atavala jezi yake, akulowera ku Golomoti.

"Samalani ziphaliwali, achimwene!" anakuwa, n'kupalasa mwamphamvu.

Tinamaliza dzuwa litapendeka. Msana wanga unali ngati wa munthu wopuma pantchito. Tonse tinakhala pakhonde kudikira mvula, bambo akuyang'ana kummawa, ine ndikuyang'ana pansi.

M'malo mwa mvula kunabwera amalume a Fabiano pa njinga yamoto. Awa ndi alongo awo a amayi, ali ndi boti la injini kudoko la ku Mtakataka, ndipo sabata imeneyo usipa unkagwidwa bwino. Atamva uthenga uja anakokera boti kumtunda, n'kuuza anyamata awo kuti lero kulibe ulendo. Eni maboti ena ataona a Fabiano akoka, nawonso anakoka.

"Alamu, nyanja ili phee ngati madzi a m'mbale!" anatero asanakhale n'komwe pansi. "Anyamata anga angobalalika, ena ali kale kumowa, sindingawatolerenso. Usipa ukungosewera m'madzimo. Mvula yake ili kuti?"

"Ibwera, alamu. Mpaka a ndege awachenjeza."

"A ndege, a ndege! Inu muli ndi ndege? Tamverani bwino chinthuchi." Anatulutsa foni, n'kukweza mawu mpaka pamapeto. Lata la Mavuto linagunda. Amalume anaimitsa. "Apa. Bingu la lero analijambula bwanji dzulo?"

"Makina a masiku ano, alamu," anatero bambo, koma mawu awo anali atayamba kuchepa.

Amalume anapitiriza kuiseweretsa. Nthawi yomweyo a Tadala ananyamuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Pa foni, munthu wa zanyengo uja anafika pa oyendetsa ndege, ndipo kumbuyo kwa mawu ake kunamveka chinthu chikulira: kwiiii, gwa. Pasanathe kamphindi, kuseri kwa nyumba yathu nakonso: kwiiii, gwa.

Amayi anatchera khutu.

"Tabwezani pamenepo, achimwene," anatero amayi.

Amalume anabweza. Kwiiii, gwa.

"Tadala!" anaitana amayi. "Tatsegulanso chitsekocho!"

Kwiiii, gwa.

Chitseko cha chimbudzi chathu chili ndi nyimbo yakeyake, ndipo bambo anakhala akundiuza kuyambira pa Pasaka kuti ndichithire oyilo. Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinayesabe, poti munthu safa osaphupha.

"Zitseko zolira choncho n'zambiri. Mwina ku ofesi kwawo..."

"A zanyengo amajambulira m'chimbudzi?" anafunsa bambo mofatsa kwambiri, kufatsa kuja kumene ana a Sitandade 8 amakudziwa.

Amalume anavula chipewa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye kuti ine, ndi imvi zangazi, ndakokera boti kumtunda chifukwa cha mphwanga amene anali atakhala pachimbudzi?"

"Ndinali chiimire, amalume."

Yankho limenelo silinandithandize.

Chilango chinabwera m'magawo ngati uthenga wa nyengo womwe. Za kumtunda: zidina zonse ndinazibwezera ndekha padzuwa kuti zimalize kuuma. Za panyanja: Loweruka lililonse mpaka kutsekera sukulu ndimapita kwa amalume kukakapa madzi m'boti ndi kunyamula usipa kupita nawo pathandala poyanikira. Foni yanga inalowa m'sutikesi ya bambo. Anandijambulitsanso voisi ina, ya mawu angaanga, yopepesa anthu onse a m'dera lino. Imeneyo palibe anaitumizira mnzake. Yoyamba ija ndikumva kuti inafika mpaka ku Monkey Bay.

Kunena zoona, kudoko sikoipa. Asodzi sanditchulanso dzina langa, amangoti a Zanyengo. Ndikangofika amayamba: "A Zanyengo, lero tilowe kapena tikoke? Nanga a ndege muwauza chiyani?" Ine ndimagwira mphuno, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuwapatsa uthenga wapadera, iwo n'kundipatsa usipa wowotcha. Amalume amayesetsa kusaseka, koma ndevu zawo zimawaulula. Uthenga weniweni wa nyengo ukabwera, amayamba aimbira foni mnzawo wa ku boma kuti atsimikize, kenako amandiyang'ana ine.

Sabata yatha, popanda wondituma, ndinapempha oyilo wotsala wa injini ya amalume, n'kukathira m'mahinjesi a chitseko chija. Tsopano chimatseguka mwakachetechete ngati cha kubanki. Ndinamva bambo akuuza amayi pakhonde kuti, "Mwaona? Chilango chimathandiza. Mwana uja wasintha."

Ine sindinawatsutse. Situdiyo yabwino siyenera kukhala ndi phokoso.