Mmene Lameki Anandisandutsira Ngaka

Wandilakwira ndi Lameki. Ndikumutchula dzina kuti wina asamati mwina akunena mlamu wina. Lameki mlongo wake wa mkazi wanga, uja amayendetsa galimoto ya Mwarabu ku Al Twar, amene ndinamuitanitsa ine ndemwe ku Dubai kuno. Chifukwa cha iyeyo chinkhoswe cha mwana wanga Tadala chaima, ndipo kwathu ku Ntcheu akuti ine ndimasanduka chinyama.

Ndifotokoze mmene zinayendera. Ine sukulu ndinalekera panjira, zokometsera mawu sindizitha.

Ndimagwira ntchito pagalaja ina ku Ras Al Khor, mbali ya matayala. Nthawi ya korona ija magalimoto anasiya kubwera. Tinkangokhala, kusesa pomwe tasesa kale. Ndiye pagalajapo pali Mfilipino wina, Rodel, wosoka mipando ya magalimoto. Kamunthu kochepa thupi, koma manja akewo Mulungu anachita kukhala pansi powaumba. Rodel amakonda timabuku tazithunzi tija ta anthu a mphamvu zodabwitsa. Koma akuluakulu aja ouluka ndi nsalu kumsana alibe nawo ntchito. Wake ndi kamunthu kena kosatchuka, kamangooneka kumbuyo kwa anzake, tsamba lina osayankhula n'komwe.

Tsiku lina anandionetsa. Ine kungoyang'ana ndinati, "Aa, iyi ndi ngaka iyi!"

Inalidi ngaka, koma yoyenda ndi miyendo iwiri. Mamba thupi lonse, zikhadabo ngati makasu, lilime lotalika mpaka pamchombo. Rodel anati munthuyo sanalumidwe ndi kanthu, sanamwe mankhwala, anangobadwa choncho, magazi anamupotokera ali m'mimba. Ntchito yake ndi kukumba njira pansi kuti akuluakulu aja adutse. Zipolopolo zikayamba, amakumbatira wovulala n'kudzipinda naye ngati mpira, zipolopolo n'kumangonjanja pamambapo. Nkhondo ikatha ojambulidwa amakhala ena, iye ali apo akusasa dothi.

Ndisaname, zinandigwira mtima. (Inuyo mukaona galimoto yonyezimira ikudutsa, munayamba mwafunsapo kuti anamanga matayalawo ndani?)

Tsono Rodel ankafuna kupita kumsonkhano kumene anthu amavala ngati anthu a m'mabukuwo. Korona inauletsa, akuti aliyense angotumiza vidiyo. Ndiye anayamba kusoka chovala cha ngakayo ndi matayala otha aja timataya kuseri. Abale anga, ine ndaona zinthu ku Dubai kuno, nyumba zoboola mitambo, sitima yoyenda yopanda dalaivala, koma chovala chija ayi. Mamba aliwonse anadula ndi mpeni paokhapaokha, kuwapala, kuwapaka utoto mpaka kumawala ngati mkuwa. Lilime anapangira chubu chofiira, ukafinya kapampu m'manja limatuluka lokha, fyuu! Kumsana anaika mahinjesi ndi malamba a mipando, kuti ukawerama chitsekeke chokha.

Vuto linali kulemera. Rodel atachivala anakhala pansi osadzukanso, tinachita kumusolola ngati nkhono.

"Habibi, m'bale wanga," anandiuza, "msana uli ndi iweyo. Vala ndiwe."

Tsiku lovala ndi lomwe Lameki anabwera ndi galimoto ya bwana wake, tayala litaponcha. Satana amadziwa kukonza pulogalamu.

Anandiveka. Nditadziona pagalasi la lole ina, ndinaima chilili. Ine nkhope yangayi ndakhala nayo zaka zonsezi, palibe anaiyang'anapo kawiri. Koma chimene chinali pagalasipo, eee! Mapewa ngati chitseko cha tchalitchi. Ndikapuma, mamba onse amadzuka n'kugonanso. Apakisitani anzathu anasiya tiyi m'manja, mmodzi anangoti, "Mashallah." Ndinafinya kapampu, lilime fyuu, mphaka wa pagalaja anakwera denga. Ndinamva mumtima kuti lero khoma lililonse ndikhoza kuliboola.

Rodel anati tikajambulire pamwamba pa chitunda cha simenti chija timakwezerapo magalimoto, kuti ndioneke wamkulu. Ndinakwera. Lameki anali atatulutsa kale foni yake, akujambula, akuseka.

"Alamu, tapindikani tione ngati ndinu ngaka yeniyeni!"

"Yalla, tiye, pindika!" anatero Rodel naye.

Ndinawerama. Kumsana kunangoti khwapa! Mdima. Maondo pachibwano, mphuno pamimba panga pomwe. Kenako ndinamva dziko likutembenuka.

Ndinagubuduka, anthuni. Kutsika chitunda chija, kudutsa pakati pa galaja, kumwaza zidebe za oyilo, geti linali lotsegula, ine uyo pamsewu. Mwayi wake msewu unali mbee chifukwa cha lokodauni. Koma chodabwitsa n'chakuti sindinamve kupweteka ngakhale pang'ono. Ndinagunda chitsulo cha geti, ndinadumpha ngalande, mkatimo ndili phee ngati mwana kumsana kwa mayi ake. Ndikugubuduka choncho ndinkaganiza kuti, komatu Rodel ndi mfiti ya munthu, chinthuchi chikugwiradi ntchito!

Chimene chinandiimitsa ndi tayala la galimoto ya polisi.

Rodel anafika wefuwefu n'kumasula lamba. Ndinafunyululuka pang'onopang'ono, mamba akulira, ndipo mwangozi ndinafinya kapampu kaja. Lilime fyuu, pafupi ndi nsapato ya wapolisi. Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzikhadabo, nthawi yaitali ndithu. Kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Masiki ili kuti?"

Rodel anatulutsa yapadera m'thumba n'kuikoleka pamphuno ya ngaka. Wapolisi anagwira mamba amodzi, kuwasisita, kupukusa mutu. "Khalas, basi, bwererani mkati." Ndinabwerera wapansi, mchira ukukhwekhwereka pansi.

Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndikuseka nanu. Koma Lameki anajambula zonse. Anadula poyamba pamene ankandiveka, anadula pomaliza pamene ankandivula, anasiya pakati pokha: nkhope yanga ikuoneka bwinobwino, kenako ndikupindika, kenako chimpira cha mamba chikuthamanga m'fumbi. N'kutumiza pagulu la banja pa foni, ndi mawu akuti, "Onani zimene alamu akuchita ku Dubai."

Dzuwa lisanalowe mkazi wanga anaimba.

"Abambo a Tadala, mundiuze zoona. Nyumba ya malata ija munamanga msangamsanga ija, ndi zimenezi?"

"Iwe, ndi matayala amenewo!"

"Matayala amatulutsa lilime?"

Vidiyo inayenda mudzi wonse, mpaka inafika kwa a Nkhoma, malume ake a mnyamata wofuna Tadala. A Nkhoma anatumiza mawu kuti mwana wawo sangakalowe pakhomo pa munthu wokhwima, za chinkhoswe ziyambe zaima. Tadala anandiimbira akulira, "Adadi, mwandichititsa manyazi, kutchalitchi anthu akusuntha ndikakhala pabenchi." Mwana amene sanandiyankhepo mwano chibadwire.

Ndinati ndikonze. Ndinawaimbira a Nkhoma pa vidiyo, ndinawaonetsa chovalacho chili pamsomali. "Onani bambo, ndi mphira uyu, gwirani ndi maso."

Anayandikitsa nkhope pafoni, n'kuti, "Ehe. Ndiye chikopa chakecho. Kani mumachita kuvula."

Ndinakoka Rodel kuti afotokoze yekha. Rodel anagwedeza dzanja, akumwetulira.

"Sing'anga wake ndi ameneyo?" anafunsa a Nkhoma.

Ndinadula foni ndisanatukwane munthu wamkulu.

Chovalacho sindinachitaye, ndipo musandiuze kuti ndichitaye. Chilibe mlandu. Chili pamsomali pomwepo, ndikamadutsa ndimachisisita, nthawi zina ndimangoima n'kumachiyang'ana mpaka bwana kundikuwira. Wolakwa ndi Lameki. Ndinamupitira ku Al Twar, ndinamupeza akutsuka galimoto.

"Alamu, inali nthabwala chabe," akutero.

Ndinati chabwino, nthabwala imathera pawiri. Ubwere ku Ras Al Khor, uvale chovalachi iweyo, a Nkhoma akuonera pa vidiyo kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Upindike, ugubuduke, uvule. Akaona kuti ngakhale chitsiru chikhoza kusanduka ngaka, mwana wanga akwatiwa.

Mukudziwa chimene anayankha? Munthu amene anaona ndi maso ake Rodel akumanga malamba?

"Iii alamu, ine ndili ndi ana aang'ono. Nanga ndikapanda kubwerera?"

Lameki, ndikudziwa uwerenga izi, poti pafoni suchokapo. Lachisanu sugwira ntchito. Geti la galaja ndikutsegulira ndekha, chitunda ndasesa kale. Ubwere udzavale.