Liwiro ndi alamu a pasitima

Mpaka lero ndikamadutsa pa Chitakale ndimatsitsira chipewa kumaso, ndipo chinandipalira zonsezi ndi pakamwa pangapa.

Ndinali pa chibwenzi ndi Esinati, mtsikana wa kumalayini a esiteti ya tiyi, ndipo za ukwati zinali zitayamba kukambidwa. Achimwene ake, a Yohane, anabwera kutchuthi kuchokera ku Mangalande, kumene ndi msilikali wa pamadzi, m'chisitima chankhondo chonyamula ndege. Tikucheza pakhonde anatiuza kuti ndege zikapuma, iwo amathamanga pamwamba pa sitimayo, kumenya mpira, kukokana chingwe, mwina nkhonya kumene, kuti maganizo a kumudzi asawadwalitse.

Ine ndinaseka (sitima imene ndinaionapo ndi ya pakalendala). Ndinati munthu wokhala pamadzi miyendo imalobodoka, sangalimbane ndi ife okulira m'tsinde mwa phiri.

"Alamu, tiyese liwiro mawa?" anatero a Yohane mofatsa.

Mayi ake a Esinati anali pomwepo, akusenda nandolo. Ndikanakana bwanji?

M'mawa tinanyamuka pa Chitakale kulunjika ku Boma, akabaza akutiperekeza ndi mabelu. Ndinaliyatsa liwiro ngati wakuba mbuzi, a Yohane n'kutsalira. Koma tisanapite patali m'nthiti munayamba kubaya, chinangwa chimene ndinadya kuti chindipatse mphamvu n'kuyamba kufunsa njira. A Yohane anandipeza alibe ndi thukuta lomwe, n'kundifunsa ngati tayamba kale kapena tikungotenthetsa thupi.

Ndinaluma mano n'kuwonjezera moto. Apo mpamene lasitiki ya kabudula amene ndinabwereka kwa mnzanga inaduka. Kabudula anatsikira m'maondo n'kundikola, ine chamutu m'ngalande, pamaso pa amayi opita kothyola tiyi. Mmodzi anayankhula kena kake m'Chilomwe, onse n'kufa nako kuseka. Esinati anali pa kabaza m'mbuyomu, ndipo palibe chinamudutsa.

A Yohane anandinyamula paphewa ngati thumba la feteleza (akuti nazonso amaphunzira pasitimapo) mpaka kuchipatala, kumene anandimanga bondo. Esinati sanabwere kudzandiona. Anangotumiza mawu oti ayambe waganiza kaye, ndipo akuganizabe, ngakhale pano ali ndi ana kwa kalaliki wa kufakitale.

Ndinaphunzira kuti mlendo akamasimba za kumene achokera, iwe uzingoti "eti?" basi. Komabe masiku ena ndikakhala pandekha, bondo likundiwawa ndi chisanu, ndimaona kuti lasitiki ija ikanalimba a Yohane ndikanawaposa.