Tiyi wa a Sanapse

Pa anthu onse odana ndi khofi, palibe anafika pa a Sanapse. Ukalowa mu lesitilanti ya mlamu wawo n'kuitanitsa khofi, ankakuyang'ana ngati wawatukwanira mayi.

"Khofi? Mtima wanu wakulakwirani chiyani?"

Iwo chawo chinali tiyi wokalamba: masamba ovundikidwa, otsinderedwa mpaka kuuma gwa ngati njerwa, n'kumasungidwa zaka. Zibulunga zake zinali ndanda pa shelefu m'chipinda cha katundu, chilichonse m'pepala lolembedwa chaka chake. Ukaloza chapamwamba penipeni, yankho linali limodzi: "Sanapse!" Dzinalo linachokera pamenepo.

Mlamu wawo, mayi wamasiye mwini malowo, ankangopirira. Tsiku limene analemba tiyiyo m'munsi mwa khofi pa mndandanda wa zakumwa, a Sanapse anazungulira matebulo onse n'kufufuta khofiyo ndi cholembera. Makasitomala akadandaula kuti madzi oyamba ofululira tiyiyo akuwataya dala, ankawabweza: "Inu ku ukwati mumapita osasamba? Nayenso asambe kaye."

Ndiye kunabwera woyendera zaukhondo, bambo wosadziwa kuseka, buku kukhwapa. Atatsegula chipinda chija anagwira mphuno, chifukwa munkanunkha dothi lonyowa.

"Mayi, mukumwetsa anthu zachuku?"

"Ayi bwana, ameneyo ndi tiyi."

"Tiyi ndimamudziwa ine. Malo ano ndikutseka lero."

Malo amenewa ndi amene mayiwo anasiyiridwa ndi malemu amuna awo, ndipo analibe kwina kogwira. A Sanapse anafulula msangamsanga tiyi wa zaka zisanu. Bwanayo analawa, n'kukwinya nkhope.

"Matope," anatero, n'kuyamba kulemba.

Mayiwo anakweza maso ku chibulunga chapamwamba chija. Chinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mwini wake analumbira kuti adzachitsegula chikadzakwana makumi awiri. Ngakhale kuchipukuta fumbi kunali mlandu.

"Alamu, chonde," ananong'ona.

"Kwatsala chaka chimodzi chokha, mlamu."

"Ndiye mudzamwera kuti, pakhomo pali loko?"

Cholembera cha bwana chinali chitafika pakati pa tsamba. Kenaka a Sanapse anakwera pampando, natsitsa chibulungacho ngati khanda, n'kuchibaya ndi mpeni. Ndipo taonani mwano wa munthuyu: pa nthawi ngati imeneyo anatayabe madzi oyamba, mosapupuluma! Mayiwo anatsala pang'ono kuwagenda ndi ketulo.

Madzi achiwiri anatuluka ofiira moderako. Bwanayo ananunkhiza, n'kupsontha pang'ono. Anapsonthanso.

"Thiraninso," anatero, n'kutseka buku lija. "Koma chipindacho muboole zenera."

Atachoka, mayiwo anathamangira kukathokoza. Anapeza mlamu wawo akukulunga chotsalacho m'pepala, misozi ili mbwembwembwe.

"Wakoma chonchija, mukuliranji?"

"Sanapse," anatero.

Chaka chimenecho sanachimalize. Anadwala masiku ochepa, basi n'kutisiya. Masiku ano khofi amaitanitsidwa mopanda mantha, mndandanda ndi woyera bwino wopanda zofufutafufuta, ndipo kunena zoona, pamalopo sipakomanso.

Sabata yatha zaka makumi awiri zinakwana. Mayiwo anatsitsa chotsala chija, anataya madzi oyamba mosapupuluma, n'kuthirira makasitomala akale. Onse anamwa.

"Nanga wapsa tsopano, mayi?" anafunsa mmodzi.

Mayiwo anatembenukira ku mpando wa pakhomo la kichini umene a Sanapse ankakonda kukhalapo, kapu ili m'manja.

"Kaya," anatero. "Wodziwa uja kulibe."