Chala Changa ndi Chitsulo cha Azimayi

Lolemba, pa 10 Marichi

Amene tilipo pakhonde madzulo ano: ine, mkazi wanga amake Linesi, alamu anga a Dikisoni, ndi a Namakhwa, bambo a nyumba yoyandikana nafe. Nkhani ndi imodzi: chala changa chamkombaphala chakumanja.

Kamtengo ka tiyi kanandibaya pansi pa chikhadabo Lachisanu lapitali. Lero chala chatupa, chikugunda ngati chili ndi mtima wakewake. Chikanakhala chala china sindikanadandaula. Koma ichi ndi chimene chimathandizana ndi chachikulu kuthyola masamba awiri ndi kansonga. Ndilo khasu langa.

Vuto ndi ili. Kiliniki ya esiteti amatsegula ife tili kale m'munda, amatseka ife tili pamzere wa sikelo. Kupita masana ndi kutaya tsiku. Ndipo mwezi wamawa masamba akayamba kuchepa, akapitawo a Mukhiwa adzasankha anthu ochepa otsala pantchito mpaka mvula ina. Amasankha osajomba. Ine chiyambire Disembala sindinajombepo. Chala chimodzi chisandichotsere ntchito.

Ndiye ndaganiza chonchi: ndizidwala madzulo okha, ndikaweruka. M'mawa ndizikhala bwino.

Amake Linesi akuti, "Pitani mukamenye chitsulo, anesi atuluka."

Chitsulo chimenecho ndi limu yakale ya tayala la thirakitala, inapachikidwa pamtengo wa mapeyala pakhomo pa kiliniki. Kukatsekedwa, munthu amamenya pamenepo, anesi amatuluka m'nyumba yawo kuseri. Koma chibwerere ine kuno, chimalira pa nkhani imodzi yokha: mayi wapakati nthawi yake ikakwana. Chikangoti nge nge nge, azimayi a m'malayini monse amathamangira komweko ndi zitenje ndi mabeseni. Mwamuna sanachimenyepo chifukwa cha thupi lake. Ndiyambe ine? Chifukwa cha chala? Ayi ndithu.

A Namakhwa akuti madzi otentha a mchere. Ndaviika. Mayo!

Masamba lero: makilo 52.

Lachiwiri, pa 11 Marichi

Chala sichinamve za pangano lathu. Chikupweteka kuyambira mzere woyamba. Nthambi iliyonse m'munda ikudziwa pamene chili.

Madzulo alamu a Dikisoni akuti, "Alamu, mchere n'ngwa ndiwo. Apa pafunika kapisozi." Tapita ku hokala ya kumsewu, ndiyo sitseka msanga. Mwini hokala sanafune n'kuona chala komwe. Watulutsa makapisozi awiri m'botolo la maswiti, mbali yofiira mbali yachikasu. Malangizo ake:

mmodzi kumeza
wina kutsegula, ufa wake kuthira pachala
osadya therere

"Awa amachiza chilichonse, bambo."

Kunyumba amake Linesi awayang'ana, akuti ndi omwewa ankathira m'madzi a nkhuku zathu chaka cha chitopa. Ndafunsa ngati anathandiza. Akuti ndikawerenge nkhuku zili m'khola. M'khola mulibe nkhuku.

Ndamezabe. Ndagula kale.

Makilo 46.

Lachitatu, pa 12 Marichi

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Zilembo zikuyenda ngati anthu ochokera kumowa.

Chala tsopano ndi nthochi yakupsa. M'munda ndayesa kuthyola ndi chala chapakati. Sichidziwa ntchito, chikuzula ndi masamba okalamba omwe.

Dzuwa litangolowa chitsulo chalira! Mkazi wa mlonda wa kufakitale. Azimayi onse ulendo, amake Linesi nawonso, nyemba kuzisiya pamoto. Ine nzeru yandibwerera: anesi atuluka kale, wowaitana si ine. Ndingoima chapafupi, akamaliza ndiwaonetse chala mwakachetechete, ngati ndimangodutsa.

Ndaima kuseri kwa mtengo wa mapeyala, dzanja m'thumba la jekete. Sindinakhalitse. Mayi wina wonyamula ndowa wandiona.

"Abambo inu, malo ano mukufunapo chiyani? Mwanayu ndi wanu?"

Onse acheuka. Ndati ndikuyang'ana ngati mapeyala akhwima. Mumdima! Ndabwerera chothamanga, nyemba ndapeza zapserera, mlandu wake wagweranso ine.

Wabadwa wamkazi. Mulungu alemekezeke.

A Namakhwa abweretsa ndimu lalikulu. Aboola, alowetsamo chala changa, akuti ndigone nalo, limakoka mafinya onse. Mukuzizira bwino m'menemu. Mwina mankhwala ake ndi amenewa!

Makilo 41.

Lachinayi, pa 13 Marichi

Ndimu silikuchoka. Chala chatupira m'kati. Kukoka, misozi yokhayokha. Kudula ndi mpeni, amake Linesi akuti iwo sakhudzako, ndikaitane amene analowetsa. A Namakhwa apita kale. Nthawi yakwana. Ndapita kumunda ndi ndimu.

Zimene ndaphunzira lero:

ndimu silithyola tiyi
anthu amaona patali
kuseka kwa m'munda kumayenda mzere ndi mzere mpaka kumtsinje

Akapitawo a Mukhiwa aima, ayang'ana nthawi yaitali. "Bambo a Linesi, tiyi wa ndimu amamwa abwana kuofesi. Kuno timangothyola." Kenako chapansipansi: "Bwanji osapita kukiliniki?" Ndati ndi zazing'ono, ndili bwino.

Lachoka lokha chakumasana, litaphwanyika panthambi. Chala chatuluka chotuwa, chamakwinya, chachikulu kuposa dzulo. Mafinya ali momwemo, sanasunthe.

Pa sikelo akalaliki akufunsa kuti ndimu lili kuti, poti ngati lagwera m'dengu achotsera kulemera kwake. Mzere wonse kuseka kachiwiri.

Madzulo amake Linesi atchulanso chitsulo. Ndati tione kaye mawa. Akuti, "Mawa lanulo ndi lomwe lija la Lolemba."

Makilo 33. Koma sindinajombe.

Lachisanu, pa 14 Marichi

Tulo sindinatione. Thupi kutentha, m'khwapa mwatuluka mwanabere.

Akapitawo akuti, "Inu mukubwera tsiku lililonse, koma dengu lanu likujomba." Mawu amenewa andipweteka kuposa chala. Makilo 24.

Madzulo ndakhala pansi kuganiza mofatsa kumene munthu angapite kiliniki ikatsekedwa:

1. Asing'anga a ku Chimaliro, kwawo kwa amake Linesi. Adzati wina wandiponyera chifukwa cha ntchito. Ndidzayamba kuyang'ana anzanga ndi diso loipa, chala chili chotupabe.
2. Abusa opempherera a ku Goliati. Pemphero ndi labwino, ndapemphera kale ndekha. Koma iwo amagwira pamene pakupwetekapo, mwamphamvu.
3. Chipatala cholipira pa Boma. Sichitseka msanga. Koma malipiro athu ali kutali.
4. Chipatala chachikulu pa Boma. Chaulere, sichitseka. Koma mdima ukagwa minibasi kulibe, ndi kabaza basi.
5. Chitsulo. Chili apa, ndikuchiona ndili pakhonde. Chaulere.

Nambala 5 ndaifufuta.

Alamu a Dikisoni abwera ndi lezala latsopano ndi mafuta a mabuleki m'kabotolo, opempha kwa oyendetsa thirakitala. "Alamu, tingong'amba pang'ono, tithire, mawa muthyola 60." Ndawathokoza kwambiri. Dzanja ndalikhalira mpaka achoka. Apa pokha ndachita nzeru.

Amake Linesi andifulatira. Akungotsuka mbale zotsuka kale.

Loweruka, pa 15 Marichi

Lero timaweruka masana. Kiliniki nayonso yatseka masana, mpaka Lolemba. Makilo 15, ndipo ena mwa iwo andithirira anzanga a pamzere.

Ndagona pamphasa, mabulangete awiri, kunja dzuwa likuswa mtengo. Mano akugundana. Pamkono patuluka kamzere kofiira, kuchokera pachala kukwera kuchigongono. Amake Linesi aona kamzereko. Amanga chitenje, atuluka.

Nge! Nge! Nge! Nge!

Dzanja limenelo ndikulidziwa. Ndi lomwe limasinja pakhomo pano.

Loweruka lomweli, titabwerako ku Boma

Ndilembe mwadongosolo.

Amake Linesi ndi alamu andigwira uku ndi uku, ine ndili m'bulangete. Pakiliniki tapeza azimayi adzaza kale, mabeseni, zitenje, wina ndi fulasiki ya phala. Akufunsana kuti ndani, poti wapakati wotsala m'malayini muno nthawi yake ikadali kutali. Amake Linesi aloza ine: "Wodwala ndi awa."

Onse andiyang'ana. Kenako mayi wa ndowa uja: "Si a mapeyala aja awa?" Nthungululu! Ndafunda bulangete kumutu.

Anesi sanaseke. Ayang'ana chala, atsata kamzere ndi diso, agwira m'khwapa. Afunsa zimene ndathirapo. Ndanena zonse: mchere, kapisozi, ndimu. Za mabuleki ndanena kuti ndinakana, kuti andioneko ngati munthu.

Mawu awo monga ndawagwira:

"Chitsulo ichi n'cha odwala, bambo. Sichifunsa ngati munthu wavala chitenje."

"Lolemba tikanangotsuka ndi kukupatsani mankhwala. Lero ndi za ku Boma, pompano, osati mawa."

"Wodwala wokhala ndi kalata ya kuno salembedwa kuti wajomba. Simunafunse bwanji?"

Sindinafunse chifukwa kufunsa n'kovuta anthu akukuyang'ana. Ndangoti pepani.

Andibaya jakisoni, alemba kalata. Ambulansi ya esiteti inali itapita kale ku Blantyre ndi wodwala wina, ndiye alamu aitana wa kabaza. Atatu panjinga yamoto imodzi: woyendetsa, ine, amake Linesi kumbuyo atandigwirira dzanja m'mwamba. Msewu wonse ine ngati mwana wasukulu wodziwa yankho.

Pa Boma atilandira. Adokotala aziziritsa chala, atumbula. Zimene zatuluka sindilemba. Akuti ndikanadikira mpaka Lolemba tikanakambirana zodula. Ndafunsa kuti kudula chiyani. Angoyang'ana chala. Amake Linesi nawonso angoyang'ana ine.

Lamulungu, pa 16 Marichi

Chala chilipo. Chikhadabo akuti chichoka, china chidzamera. Mapiritsi ndimalize onse. Bandeji ndizikasintha kukiliniki kwathu konkuno, masana, anthu akuona. Kumunda sabata yonse ayi.

Ndagona tulo koyamba. Kutchalitchi sindinapite, koma tchalitchi chabwera chokha. Azimayi akulowa mmodzimmodzi, wina ndi sopo, wina ndi kambale ka ufa, monga amachitira kwa mayi amene wachira kumene. Aliyense akuweramira bandeji: "Mwana wagona bwanji? Dzina mwamupatsa?" Amake Linesi akulandira zonse, sakubweza ngakhale chimodzi. Dzina langa m'malayini muno lasintha, ndikudziwa, ndipo lakale silidzabwerera. Basi, zikhale choncho.

Akapitawo a Mukhiwa adutsa pochokera kutchalitchi, awerenga kalata, aipinda. "Muchire kaye. Mayina sitinalembe." Sanalonjeze, sanakanenso. Ndikhala nazo zimenezo.

A Namakhwa adikira anthu onse achoke. Akhala pafupi, dzanja patsaya. Dzino lawavuta kalekale, tsopano tsaya layamba kutupa. Akufunsa monong'ona kuti chitsulo amamenya kangati. Ndati apite mawa masana, apemphenso kalata. Koma likavuta lero lomwe, kanayi n'kokwanira, ndipo bulangete ndiwabwereka.

Wa kabaza, kupita, kudikira ndi kubwera: K12,000. Amake Linesi apereka K7,000. Yotsala: K5,000.